Sweetie wa ku Randburg

(Loweruka masana ku Randburg, mu Johannesburg. Malume, mkhalakale wa ntchito ya m'dimba ku Joni, abwera kudzaona mphwawo amene wangoyamba kumene ntchito ya m'nyumba. Eni nyumba apita ku Cape Town kukadya Khirisimasi.)

MALUME: Zala zako zatani iwe? Chala chilichonse pulasitala wakewake. Wayamba ndewu?

MPHWAWO: Ndi Sweetie, malume.

MALUME: Iwe! Kufika dzulodzuloli, wapeza kale Sweetie? Apongozi ako ku Dedza ndikawauza chiyani ine?

MPHWAWO: Ayi malume, Sweetie wake ndi uyo. (Akuloza khola lawaya pakona. M'kati muli kachinkhwe kobiriwira, kumutu kwachikasu.)

MALUME: Kameneka? Koti sikangakwane ndiwo ya mwana mmodzi?

MPHWAWO: Musakaderere. Madamu akalowetsa chala kamakwerapo, mpaka kuwapsompsona. Ine ndikangoti ndisinthe madzi, kamathamangira pamnofu wa pakati pa zalapa, n'kugwira osasiya.

MALUME: Azungu amati budgie timeneti. Kulemera kwake sikupitirira magalamu 40. Ndiye mwamuna wamkulu ngati iwe, kulumidwa ndi magalamu 40 mpaka kumaliza bokosi la pulasitala. Unakalakwira chiyani?

MPHWAWO: Palibe.

MALUME: Unakalakwira chiyani?

MPHWAWO: Kanatuluka ndikusintha nyuzi ya pansiyo, n'kukatera pakatani. Ndinangokagwetsako pang'ono ndi tsache.

MALUME: Pang'ono.

MPHWAWO: Kenako ndinakapanikiza kuseri kwa firiji, n'kukavumbata ndi manja onse awiri, monga timagwirira nkhuku kukabwera alendo.

MALUME: Kuchokera pamwamba?

MPHWAWO: Nanga ndikanachokera pansi pa firiji?

MALUME: Basi, mlandu wake ndi umenewo. Mbalame yaing'ono imadziwa chinthu chimodzi chokha chimene chimagwira kuchokera pamwamba: kabawi. Iweyo kwa iko ndiwe kabawi wovala yunifolomu, amene amabwera m'mawa uliwonse ndi madzi.

MPHWAWO: Koma ndinapepesa, malume. Ndinagwada pomwepa, kuwomba m'manja katatu.

MALUME: Kuwomba m'manja pakhutu pa mbalame yoti mtima uli m'mwamba! Kanayankha bwanji?

MPHWAWO: Kanadziwombetsa kuwaya. Ndiye mawa lake ndinabwera ndi chipepeso, kachidutswa ka peyala.

MALUME: (akudzuka pampando) Kanadya?

MPHWAWO: Kanayamba ndi chala, peyala linagwa pansi.

MALUME: Pita ukathokoze Mulungu. Peyala ndi poizoni kwa timeneti, chimodzimodzi chokoleti. Kakanadya, pano ukulongedza zikwama. Kanakuluma kuti kapulumutse ntchito yako.

MPHWAWO: Kodi si timeneti timapezeka ku Liwonde tija?

MALUME: Ta ku Liwonde ndi mtundu wina, tofiira kumaso, tamchira waufupi. Aka kwawo ndi ku Australia, kumene timauluka chigulu, zikwizikwi pamodzi. Mzungu wina, John Gould, ndiye anatitengera ku England mu 1840, kuyambira pamenepo tafala m'makola a anthu.

MPHWAWO: Ndiye nakonso n'kobwera ngati ife tomwe. Kali ndi mapepala?

MALUME: Taona mphete ili kumwendoyo. Zake zili m'malo kuposa zako.

MPHWAWO: Malume, ndinaganiza nzeru. Tigule kena kofanana nako ku shopu ya ziweto. Aka tikatsegulire zenera.

MALUME: Madamu ako akakhala nako zaka zingati? Ukuganiza sadziwa mawu a mwana wawo? Komanso ndalama yake iti? Ya basi ija ndinakulipirira kuchokera ku Lilongwe sunandibwezere.

MPHWAWO: Sindinalandire, malume. Ananyamuka mothamanga, anati akadzabwera.

MALUME: Chabwino. Tandiuza, kakakuluma umatani?

MPHWAWO: Ndimakuwa kuti mayo ine, n'kuthawitsa dzanja.

MALUME: Ndiye mphunzitsi wake ndiwe. Wakaphunzitsa kuti dzanja loopsali lili ndi batani: ukaluma, limachoka, limaimbanso nyimbo. Kasiyirenji?

MPHWAWO: Ndiye ndizingokhala chete kakundidya?

MALUME: Kakagwira, luma mano, usakuwe, usakamenye, chotsa dzanja pang'onopang'ono. Koma nzeru yeniyeni ndi yoti usafike polumidwa. Kamachenjeza katsanaluma. Taona panopa ndikayandikira: nthenga zamatirira kuthupi, kapendekera kumbuyo, mlomo yasa. Pamenepo kakunena kuti ima pomwepo. Iwe umapitirirabe.

MPHWAWO: Ndimaganiza kakumwetulira.

MALUME: Masiku oyambawa dzanja lako lisalowemo, kupatula posintha madzi ndi chakudya, ndiponso mosathamanga. Tenga mpando, uzikhala pafupi, osakayang'ana m'maso, uzilankhula motsitsa.

MPHWAWO: Ndizikamba nako chiyani? Ndale?

MALUME: Chilichonse. Foni zako zakumudzi uziimbira pomwepa, kazolowere mawu ako. Kakayamba kudya kapena kudzikonza nthenga iwe uli pompo, ndiye kuti mantha akutha. Pamenepo utenge ngala ya mawere amene madamu amasunga m'kabatimo, aja amati millet. Uziipereka pawaya, utagwira kunsonga kwenikweni. M'mbale mwake usaikemo mawere. Kakawafuna, kawapeze kwa iwe.

MPHWAWO: Ndiye ziphuphu.

MALUME: Ziphuphu zenizeni. Tsiku ndi tsiku uzifupikitsa ngalayo mpaka mlomo wake ufike pafupi ndi chala. Ukatero uyambe ndi kandodo: ukakhudze pamimba, pamwamba pa miyendo pang'ono, kakwera kokha. Chala chibwere pomaliza. Mphindi 5 kapena 10 basi, kenako ukasiye. Ndipo umve bwino apa: katsanaponde chinthu kamayamba kachigwira ndi mlomo, kuona ngati n'cholimba. Kumeneko si kuluma. Ukathawitsa chala pamenepo, wabwerera ku Sitandade 1.

MPHWAWO: Nanga ndidziwa bwanji kuti uku n'kuyesa, uku n'kuluma?

MALUME: Udziwa. Usiku umagona nthawi yanji?

MPHWAWO: Mpira ukatha.

MALUME: Pa TV ya madamu, magetsi ali ngwee, mbalame ili pomwepa. Imeneyi imafuna tulo maola 10 mpaka 12, mumdima. Uzifunditsa khola ndi nsalu dzuwa likalowa. Ngakhale azakhali ako ukawagoneka maola anayi, m'mawa usawapatse chala.

(Patapita milungu itatu. Mphwawo waima pakati pa balaza, kachinkhwe kali phee pachala, kakudya mawere.)

MPHWAWO: Malume, lowani mwakachetechete. Taonani!

MALUME: Eee! Pulasitala watsala mmodzi yekha.

MPHWAWO: Ameneyu ndi wa mpeni. Ife tinagwirizana kalekale. Dzulo kanagona paphewa panga, kakukukuta mlomo. Ndinachita mantha kuti kakunola.

MALUME: Kukukutako ndiye kuti mtima uli m'malo. Tabweretsa ndikaone. Waona pamwamba pa mlomo, pamphunopa, ndi pabuluu? Kamphongo aka. Kathazi pamakhala pofiirira. Amphongowa ndiwo akatswiri otsanzira mawu a anthu.

MPHWAWO: Aaa, aka sikalankhula. Kamangolira basi. Tiyeni kukhitchini, ndaphika tiyi.

SWEETIE: Halo? Halo? Ukundimva?

MALUME: Iwe! Chichewa! Mawu akonso enieni!

MPHWAWO: Zangochitika. Tiyi akuzizira, malume.

SWEETIE: Ndalandira. Ndalandira. Malume asadziwe.

(Chete.)

MPHWAWO: Kakunena malume ake a ku Australia.

SWEETIE: Bonasi! Malume asadziwe!

MALUME: Mpaka bonasi.

MPHWAWO: Malume, munanena nokha kuti pakachitika zopweteka tisamakuwe.

MALUME: Sindikuwa. Ndipatse mpando ndi mawerewo. Ndikufuna ndimve kuti ndi zingati.