Zomwe munachita kwa mneneri uja ndi uchifwamba basi

Zandinyasa zomwe zinachitika Lamulungu pano pa Kasungu boma ndipo sindikhala chete ayi. Mneneri uja mukumudziwa, wogulitsa madzi odzozedwa m'timabotolo uja, anali ndi pepa sande yoti amangire tchalitchi. Anyamata ena angofika, kudula waya wa sipika, kuzimitsa jenereta, wina nkukankha tebulo la chopereka ndalama mbwee pansi. Agogo ena ochokera ku Chamama anagwa chagada pothawa, chitenje fumbi lokhalokha, K2,000 yawo atafumbatabe m'manja. Madzulo ake anthu omwewo akudzichemerera pa WhatsApp ati tamenyera ufulu wa anthu osauka. Osauka ake ati? Omwe munawagwetsa aja?

Ineyo mneneriyo sindimufuna olo pang'ono, nyengo ya fodya ikangofika iye ali pakhomo pa alimi ati bzalani mbewu kwa Mulungu, ndipo anthu amapereka poti umphawi ndi matenda zawapanikiza. Koma kudana naye sikukupatsani chilolezo choopseza anthu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka abale. Munafuna kumenya mneneri mwamenya amayi anu omwe, iye anakwera galimoto yake nkumapita, lero akulalikira kuti akuzunzidwa ngati atumwi ndipo chopereka chichuluka kuposa kale, muona.

Musadzifanizire ndi anthu omwe anakana malamulo oipa m'dziko muno chonde. Pa 8 March 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma la Kamuzu, inawerengedwa m'matchalitchi poyera, maina awo ali pompo, akudziwa kuti moyo wawo uli pachiswe. Chakufwa Chihana anabwerera kumudzi mu April chaka chomwecho akudziwa kuti akamangidwa, ndipo anamangidwadi atangotsika ndege ku Lilongwe. Anthu amenewa ankalimbana ndi amene ali ndi mfuti ndi ndende, sanabise nkhope, sanathawe, chilango chinagwera iwo eni. Inu munalimbana ndi ndani? Ndi azimayi a kwaya. Munaphimba kumaso ndi mipango, mutatha nkuthawira pa kabaza. Ululu wake anamva ndi ena, inu muli phee kunyumba. Umenewo ndi uchifwamba, mantha ovala jekete la ufulu, musatinamize.

Malamulo oyendetsera dziko lino gawo 38 akuti mutha kusonkhana nkuchita zionetsero mwamtendere opanda zida, gawo 33 likupatsa aliyense ufulu wopembedza momwe akufunira ngakhale inu muone kuti akupusitsidwa. Mukanaima tsidya la msewu ndi zikwangwani zanu tsiku lonse ine ndikanabwera nkuima nanu. Ngati muli ndi umboni woti amaba kasumeni, ngati mayi anu akupereka ndalama ya feteleza khalani nawo pansi mukambirane. Koma kukankha tebulo ayi. Kuopseza nkhalamba ayi.

Komanso ndikufunseni, mphamvu zimenezi zimakhala kuti mavenda akamabera alimi ndi masikelo achinyengo nthawi ya soya ndi mtedza? Mumadutsa pompo tsiku ndi tsiku maso ali gwa, palibe amatsegula pakamwa poti venda amabwezera chibakera. Ndipo inu munajambula agogo aja ali pansi nkumatumiza m'magulupu ndi timaemoji toseka m'malo mowadzutsa, fufutani vidiyo imeneyo lero lomwe.