Asanatsegulenso migodi ya asibesitosi, ayambe ayeza mapapo a makolo athu

Nkhani yoti migodi ya asibesitosi (mwala wa timaulusi umene amapangira madenga) ya Shabanie ku Zvishavane ndi Gaths ku Mashava, muno mu Zimbabwe, iyambenso kugwira ntchito imangobwerabwera, ndipo abale ena kuno ku Harare amaiombera m'manja. Sindikuwadzudzula. Migodi imeneyi ndiyo inakoka agogo athu ambiri kuchokera ku Malawi, mpaka gule wamkulu anafika m'makomboni a kumeneko. Boma litailanda m'manja mwa mwini wake, Mutumwa Mawere, mu 2004, ntchito inalowa pansi mpaka kuima, ndipo mabanja anasauka zenizeni.

Koma ine mtima wanga uli pa fumbi lija.

Amatiuza kuti wathuyu ndi chrysotile, asibesitosi woyera, siwoopsa ngati wabuluu uja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likunena poyera kuti mitundu yonse imayambitsa khansa. Timaulusi take timalowa m'mapapo n'kukhala phee, matenda n'kudzatulukira patapita zaka 20, 30, ngakhale 40, munthu atapuma kale pantchito. Ndiye madala amene anakumba m'ma 1980, amene lero akubanika akangoyenda pang'ono, akuwayeza ndani? Ambiri amangoti ndi chifuwa cha ukalamba. Zimandiwawa kwambiri.

Nanga msika uli kuti? South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, America inaletsa chrysotile mu 2024. Ena mwa okumba akuluakulu amene atsala ndi Russia, Kazakhstan ndi China, ndipo ife tikapikisana nawo ndi migodi yodzaza madzi.

Fumbili silili ku Zvishavane kokha ayi. Kwezani maso ku Mbare, Highfield kapena Mufakose, madenga ambiri ndi a asibesitosi. Denga likakhala lilibe ming'alu, osaligwiragwira, vuto ndi lochepa. Koma ndaona mnyamata akudula pepala lakale la denga ndi makina, louma gwa, pakamwa popanda chotchinga, nsidze zitayera mbuu, ana akusewera pomwepo. Zidutswa zake amayi ena anatola kukatchingira dimba la masamba. Abale anga, ngati kudula kuli kosapeweka, thirani madzi kaye, valani chotchinga mphuno chenicheni, ndipo zovalazo musazikutumulire m'nyumba.

Amene akufuna kutsegula migodiyi ayambe alemba mayina a onse amene anagwirako ntchito, awajambule m'chifuwa kwaulere, ndipo opezeka ndi matenda alipidwe iwo akadali moyo.