Ku Lake District musathamangire phiri lalitali

Anzanga amene mukukonza zokayenda wapansi ku Lake District, dera la mapiri ndi nyanja kumpoto chakumadzulo kwa England, ndinene zimene ena sangakondwe nazo: Scafell Pike muyambe mwaisiya. Ndikudziwa, ndilo phiri lalitali kuposa onse mu England, mamita 978, ndipo aliyense akufuna chithunzi ataima pa mulu wa miyala wa pansonga. Inenso ndinachifuna. Ndinalawirira kuchokera ku Wasdale Head, n'kukwera maola atatu mawondo akudandaula, kufika pamwamba nkhungu ili tolo. Ndinaona misana ya anthu ovala majekete onyowa ndi nsapato zanga, basi. Chithunzi ndili nacho, koma wina atanena kuti ndinajambulira kuseri kwa nyumba, ndilibe pomutsutsira.

Mawa lake miyendo inakana, ndiye ndinati ndingowongolako pang'ono. Ku Keswick ndinakwera boti la pa nyanja ya Derwentwater, kutsikira pa Hawes End, n'kuyamba kukwera Catbells. Kaphiri ka mamita 451, ana akukwera, agogo akukwera, kungogwira miyala ndi manja pang'ono chakumapeto. Koma abale, pamwamba pake! Nyanja yonse ili pansi ndi tizilumba take, tauni ya Keswick kutsidya, phiri la Skiddaw kumbuyo kwake, ukacheuka chigwa cha Newlands chili yalaa. Mitambo imene inandimana zonse dzulo lake inali ikadali pa mapiri aatali aja, ife pansi pake tikuona chilichonse. Ndinakhala pamenepo ola lathunthu, wondithamangitsa panalibe.

Ndipo ukayenda mosapupuluma m'pamene umazindikira kuti dera limeneli si tchire ayi, ndi ntchito ya manja a alimi. Makoma a miyala akukwera mapiri mopanda simenti ngakhale pang'ono, mwala kugwira mwala unzake. Ndinaima pa khoma lina n'kuona kuti miyala ina yaitali anaigoneka mopingasa kuti imange mbali ziwiri, ndipo pena anaisiya itatulukira kunja dala kuti woyenda apondepo podumpha. Nkhosa zake ndi za mtundu wa Herdwick: zimabadwa zakuda, zikamakula zimatuwa, nkhope n'kuyera. Kumtunda zimadya popanda mpanda, koma sizisochera, chifukwa mwana amaphunzira kwa make gawo la phiri limene ndi lawo, iyenso n'kudzaphunzitsa wake. Ina inandiyang'ana ikubzikula, osasuntha m'njira, mpaka ndinapatuka ndine. Mlendo ndinali ine.

Pamene UNESCO inkaika derali pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2017, ulimi umenewu unali chimodzi mwa zifukwa zake zikuluzikulu. Beatrix Potter, amene ambiri amam'dziwa ndi mabuku a ana, ankaweta nkhosa zomwezi, ndipo pomwalira mu 1943 anasiyira National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri ndi zachilengedwe, malo okwana maekala pafupifupi 4,000. Zonsezi munthu wothamangira nsonga amazidutsa maso ali pa wotchi. Alipo amene amafuna kukwera Ben Nevis, Scafell Pike ndi Snowdon, mapiri aatali kwambiri a Scotland, England ndi Wales, m'maola 24, moti ambiri amafika ku Wasdale usiku ndi matochi pamphumi. Mphamvu ali nazo, sindikana. Koma kunena kuti anafika ku Lake District, aaa, ine ndiye ayi.

Ena anena kuti ndikulankhula chonchi chifukwa nyengo inandilaka. Mwina. Koma mvula kumeneko si ngozi, ndi mwini mudzi. Ku Seathwaite, m'chigwa cha Borrowdale, imagwa yoposa mamilimita 3,000 pa chaka. Nyanja zonsezo madzi ake mukuganiza kuti amachokera kuti? Choncho jekete ya mvula ndi nsapato zogwira pansi musazisiye ngakhale kutacha bwanji, ndipo mapu apepala akhale m'chikwama, poti m'zigwa zina netiweki imathawa. Zikavuta mumaimba 999 n'kupempha apolisi kuti akulumikizeni ndi opulumutsa anthu m'mapiri. Dziwani kuti amenewa ndi anthu ongodzipereka, salipidwa. Amasiya ntchito ndi tulo kukatsitsa munthu amene anakwera atavala ngati akupita kumsika.

Galimotonso, ngati mungathe, isiyeni. Misewu yake ndi yopapatiza, makoma uku ndi uku, poimika n'posowa nthawi ya tchuthi. Sitima imafika pa Windermere kudzera ku Oxenholme, ndipo basi nambala 555 imadutsa Ambleside ndi Grasmere mpaka ku Keswick. Ikakhala basi yosanja, mukhale m'chipinda cham'mwamba, kutsogolo.

Okonda kuwerenga nsonga amatchula Alfred Wainwright, amene analemba za mapiri 214 a derali, ndipo amachonga limodzilimodzi mpaka athe onse. Zabwino. Koma iyeyo mtima wake unagwidwa mu 1930 ataima pa Orrest Head, kachitunda kamene mumakwera m'mphindi pafupifupi 20 kuchokera pa siteshoni ya Windermere. Sikanali kaphiri koti n'kudzitama nako.

Ndikadzapitanso, Scafell Pike ndidzaiyang'ana m'mawa. Ikadzakhala kuti yafunda mitambo, ndidzalunjika ku Buttermere kukazungulira nyanja, makilomita pafupifupi 7, njira ya m'mphepete mwa madzi imene pena imalowa m'kangalande koboola thanthwe. Amene munafikako, ndiuzeni kaphiri kena kakang'ono kamene ndikukaphonya.