Chimene ndimasirira pa maboti a mcheni chili kumimba

Sabata yatha pa doko la nyanja ya Cahora Bassa pafupi ndi Songo ku Mozambique ndinapeza boti la alendo odzawedza mcheni litakwezedwa pa ngolo yake. Anyamata onse anaunjikana kumbuyo, kukangana za mphamvu ya injini ziwiri zija. Ine ndinagwada n'kusuzumira kunsi.

Mimba yake si yaphwatalala ngati ya maboti athu a matabwa. Ndi yosongoka ngati chilembo V kuyambira kumphuno mpaka kumatako, moti funde limang'ambika pakati m'malo moliwomba mbama boti. Kapangidwe kameneka kanatchuka ku America mu 1960, boti lojambulidwa ndi Ray Hunt litapambana mpikisano wochokera ku Miami kukafika ku Nassau nyanja itawinduka, ndipo kampani ya Bertram inayamba kuumba maboti otero ndi faibala. Ndinasisita timizere totumphuka m'mbali mwa mimbayo, tomwe timakankhira madzi pansi. Mphuno nayo ndi yoyanzika kumwamba kuti madzi azithawira kunja, osagwera anthu.

Koma chondigwira mtima kwenikweni sichioneka. Pansi pa pomwe amaponda anathiramo thovu louma losamwa madzi, choncho boti likabooka limadzaza koma silimira. Popondapo pali pamwamba kuposa madzi a m'nyanja, ndiye funde likalowa limadzitulukira lokha pa mabowo akumbuyo. Palibe wokapa.

Abale anga, Cahora Bassa si thamanda. Chimangireni damu mu 1974, madzi anayala mtunda wa makilomita pafupifupi 250 mpaka ku Zumbo, ndipo mitengo ya tsanya yomwe inamira idakaimabe pansipo, yolimba ngati chitsulo. Chaka china mu Seputembala mphepo inatipeza pakati tikuwoloka cha ku Chicoa, boti litadzaza matumba a kapenta. Ndinakapa madzi ndi chigubu chodula pakati mpaka manja anachita dzanzi. Mayi wina anamasula mwana kumsana n'kumukweza paphewa, madzi atafika m'mawondo, osalankhula kanthu. Nkhope yake sindiiwala.

Sindikunena kuti msodzi wa ku Mágoè atengere zonse. V yakuya imamwa mafuta koopsa, imafuna injini yaikulu, ndipo boti likaima limapendekera uku ndi uku, pokoka ukonde n'chipsinjo. Zotiyenera ife ndi mphuno yosongoka ndi yoyanzika, kumbuyo kophwatalala pang'ono kuti linyamule katundu, kenako zipinda ziwiri zomata bwinobwino zosalowa madzi, china kutsogolo china kumbuyo. Thovu likasowa, zigubu zopanda kanthu zotsekedwa zolimba n'kuzimangirira pansi pa mipando zimathandiza: chigubu cha malita 20 chimayandamitsa pafupifupi makilogalamu 20.

Luso lilipo kwathu kuno. Amisiri omwe amawotcherera ndi kukonza maboti a kapenta, aja oyandama pa mathanki awiri achitsulo, amadziwa kale kutseka mpweya m'chitsulo. Chimene chimandiwawa n'choti boti la munthu wodzasewera ndi nsomba n'kuibwezera m'madzi silimira, pomwe lonyamula ana asukulu ndi amayi opita kuchipatala likudalira chigubu chodula.

Amalume akukhoma boti latsopano mwezi uno. Ndawasonkhanitsira kale zigubu 8 ndi chingwe, ndipo za mphunoyo tikambirana Loweruka matabwa asanadulidwe.