Sewero likapsetsa anthu mtima, wolizimitsa akhale ndani?

Kuno ku Mzuzu timaonera za mayiko angapo madzulo amodzi. Nyumba iyi ili ndi dishi ya Azam, yoyandikana nayo DStv, inayo yangokoleka mlongoti pa nsungwi kuti ikoke MBC. Ndiye sewero likangokhudza za bambo wogwiririra mwana womupeza, kapena m'busa wodyera nkhosa zake, mawa lake m'takisi mawu amakhala amodzi: "Zolaula izi, boma liletse." Mkwiyowo sindiupeputsa. Palibe kholo lofuna kuti zotere zitulukire pa wailesi yakanema apongozi ali pomwepo, ana ali pamkeka akudya nsima. Chondivuta n'choti tikamati "liletse" sitifunsa kuti woletsayo ndi ndani, nanga aletse nthawi yanji. Anzathu otizungulira anayankha mosiyana.

Ku Zambia, dziko lomwe Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991, mawu a nduna amalemera. Mu 2019 a Godfridah Sumaili, omwe anali nduna yoona za zipembedzo, analamula kuti pulogalamu ya Lusaka Hustle ichotsedwe pa kanema wa Zambezi Magic ati imalimbikitsa zogonana amuna okhaokha. Sinali sewero lolembedwa, inali yotsatira moyo wa anthu otchuka, komabe aliyense wolemba sewero ku Lusaka anaphunzirapo kuti munthu mmodzi wampando akhoza kugwetsa ntchito yake. Njira imeneyi ndi yachangu, ndipo n'chifukwa chake ndimaiopa.

Ku Tanzania, komwe timakaoda zitenje ndi mpunga kudzera pa Songwe, sadikira kuti anthu ayambe adandaula. Wopanga filimu amafunika chilolezo cha bodi ya mafilimu, a zaluso ali pansi pa bungwe la boma la BASATA, nyumba zoulutsira mawu zili pansi pa bungwe lina la boma la TCRA. Ubwino wake ulipo: makolo saona zowadzidzimutsa kawirikawiri. Koma wolemba akadziwa kuti nkhani yake idutsa pa tebulo la mkulu wa boma, amayamba kuidula yekha asanafike nayo uko. Ndipo mpeni umenewo sumathera pa zolaula. Mu 2018, nthawi ya John Magufuli, boma linaimitsa ngakhale mauthenga a kulera pa wailesi ndi pa kanema.

Ku Joni ndi komwe ndikufuna tiyang'anitsitse, ngakhale sitigundana nawo malire. Mu 1999 SABC, nyumba ya boma youlutsira mawu ya kumeneko, inayamba kuonetsa Yizo Yizo, sewero la pa sukulu ya m'komboni lomwe linapangidwa mogwirizana ndi unduna wa maphunziro. Munali mfuti, chamba, aphunzitsi oledzera, atsikana ogwiriridwa. Gawo lachiwiri litaonetsa mu 2001 mkaidi akugwiriridwa m'ndende, phokoso linafika mpaka ku nyumba ya malamulo, ena akuti lithetsedwe. Silinathetsedwe. Kumeneko wokwiya ali ndi khomo logogoda, bungwe la BCCSA lomva madandaulo okhudza wailesi ndi kanema, lomwe linakhazikitsidwa mu 1993. Umalemba dandaulo, mbali inayo imayankha, chigamulo chimatuluka poyera, ndipo wolakwa amadzudzulidwa kapena kulipitsidwa. Pa kanema waulere, za akuluakulu zimadikira 9 koloko usiku, ndipo pa ngodya amaika zaka za oyenera kuonera. Kholo lauzidwa, wolemba sanatsekedwe pakamwa.

Ife a Malawi njira zonsezi tinazilawa. Lamulo lathu lounika zisudzo ndi mafilimu ndi la 1968, la nthawi ya Kamuzu, pomwe sewero silinkakwera pa nsanja a bodi asanaliwerenge. Kanema wathu, TVM, anabwera mochedwa, mu 1999, ndipo pasanathe zaka zisanu, mu 2003, aphungu anavota kuti TVM isiye kuonetsa Big Brother Africa, pulogalamu yojambula usana ndi usiku anthu otsekeredwa m'nyumba imodzi, momwe munali Mmalawi mnzathu Zein Dudha. Khoti Lalikulu linasintha chiganizocho. Pulogalamu ija sindiikira kumbuyo, koma khotilo linachita bwino: chokwiyitsa anthu sabata ino sichiyenera kusanduka lamulo mwa kungokweza manja.

Pali china chomwe ofuula "liletse" sachiona. Pitani ku Chibavi kapena ku Mchengautuba konkuno ku Mzuzu masana, mupeze kachisakasa ka vidiyo: chitseko cha chiguduli, sipika panja ikubangula filimu yomasuliridwa m'Chichewa, m'kati muli mdima ndi fungo la thukuta, ana a yunifolomu atapanikizana pa benchi zikwama zili pamiyendo. Palibe amene wawafunsa zaka. Wamkulu pang'ono ali ndi foni, akulandira pa WhatsApp zomwe palibe wailesi ingayerekeze kuonetsa. Zimenezi timazidutsa tili chete, mkwiyo wonse n'kukautulira pa wolemba wa kwathu amene wayesa kunena m'chilankhulo chathu zomwe zikuchitika kuseri kwa makatani athu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero, koma mwana wa m'chisakasa uja tamusiya.

Ndipo nkhani zomwe timati n'zochititsa manyazi ndi zomwe zinatithandiza. Masewero ngati Tikuferanji ndi Zimachitika anakamba za Edzi, chokolo ndi kulanda chuma cha amasiye pa nthawi yomwe ambiri pa maliro ankangoti "anadwala nthawi yaitali". Malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017 kuti wosakwana zaka 18 asakwatiwe, koma mtsikana wa ku Mzimba kapena ku Karonga lamulolo saliwerenga m'buku. Amalimva pamene mnzake wa m'sewero wakana ukwati n'kuthawira kwa amfumu. Mukadula chigawo chimenecho chifukwa amalume a m'sewero aoneka oipa, mwateteza amalume enieni.

Ine ndingakonde MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu, ndi nyumba zathu za kanema zitengere ku Joni zinthu ziwiri: ola lodziwika lomwe za akuluakulu zimayambira, ndi khomo lodandaulira lomwe limayankha poyera, munthu wa ku Zolozolo n'kutha kudandaula pa foni osakwera basi ya ku Blantyre. A khonsolo ya mzinda nawo ayendere zisakasa za vidiyo nthawi ya sukulu, atulutsemo ana.