Mukapita ku Mauritius, musakathere masiku onse pamchenga

Abale anga a kuno ku Mzuzu amene mukusunga ndalama za ulendo wa ku Mauritius, chilumba cha m'nyanja ya mchere ya India, maganizo anga ndi awa: ngati cholinga ndi kukagona pamchenga basi, Chintheche ndi Chikale zili pafupi, ndipo madzi ake alibe mchere. Chimene chikuyenera ndalama ya tikiti ndi mbiri ya chilumbachi, chifukwa imatikhudza ifenso.

Kale pachilumbachi panalibe anthu. Adatchi anakhalapo kuyambira 1638 mpaka 1710, ndipo mbalame ya dodo inatheratu m'nthawi yawo. Afalansa anabwera mu 1715, Angelezi n'kuwalanda mu 1810, ufulu n'kudzabwera pa 12 Malichi 1968. Minda ya nzimbe inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Madagascar ndi kumtunda kuno kudzera m'madoko a Mozambique ndi Kilwa. Pakati pawo panali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Tangoganizani, ena mwa anthu amene mukakumane nawo pamsika ku Port Louis, likulu la dzikolo, makolo awo anachokera m'madera a kuno kunyanja kwathu.

N'chifukwa chake ndikuti malo awiri musawaphonye. Oyamba ndi phiri la Le Morne, kumwera chakumadzulo, lotalika mamita 556, kumene akapolo othawa ankabisala. Kwerani m'mamawa dzuwa lisanawawe, mutenge madzi okwanira ndi nsapato zogwira pansi. Chigawo chomaliza ndi thanthwe lofuna manja ndi miyendo, choncho pezani munthu wolidziwa, ndipo mvula ikagwa musayerekeze. Achiwiri ndi Aapravasi Ghat, malo akale a padoko ku Port Louis. Ukapolo unathetsedwa mu 1835, koma kuyambira mu 1834 Angelezi anali atayamba kale kubweretsa antchito a kontirakiti, ambiri ochokera ku India, ndipo pafupifupi theka la miliyoni anatsikira pamenepa. Ife amene tikudziwa za thangata ndi za WENELA, nkhaniyi si yachilendo.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi chilankhulo. Angelezi analamula zaka 158, koma polanda dzikolo analola kuti malamulo ndi miyambo ya Afalansa zikhalebe. Lero zikalata za boma zili m'Chingelezi, manyuzipepala ambiri ali m'Chifalansa, pamene m'basi ndi pamsika anthu amalankhula chilankhulo chawo cha Kreol. Phunzirani kunena "bonzour" (moni) ndi "mersi" (zikomo), mudzaona nkhope zikumasuka.

Tsopano za ulendo weniweni. Ndege mumakwerera ku Lilongwe, ndiye nyamukani kuno kutatsala tsiku limodzi. Kudalira basi ya M1 tsiku lomwelo la ndege n'kusewera ndi ndalama. Palibe ndege yopita mwachindunji, mumasintha ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Mukagula awiri osiyana, ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri siikudikirani ndipo palibe amene angakubwezereni, komanso katundu mumayenera kumutenga n'kumulembetsanso. Kuchokera ku Johannesburg ndi maola pafupifupi 4, ndipo nthawi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi maola 2.

Amalawi sitifunika viza ya ulendo wokacheza, koma zimenezo sizitanthauza kuti mungolowa. Pabwalo la ndege amafunsa tikiti yobwerera, adiresi ya kumene mukagone ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira. Sindikizani zonsezi papepala, osadalira foni yomwe ingathe moto. Palinso fomu ya paintaneti yodzaziratu musananyamuke. Popeza tikuchokera kudziko la malungo, a zaumoyo angathe kukufunani kuti akuyezeni magazi, choncho lembani adiresi yoona.

Vuto lalikulu ndi foreksi. Kwacha simungaisinthe kumeneko. Pitani kubanki msanga ndi pasipoti ndi tikiti, musadikire sabata yomaliza, ndipo funsani malire a khadi lanu kunja kwa dziko, chifukwa khadi kukana pakauntala ya hotela ndi chinthu chochititsa manyazi. Madola kapena marandi mukawasinthe kukhala marupi mukafika.

Pogona, ine ndinganene Mahébourg, tawuni yomwe ili pafupi ndi bwalo la ndege. Kuli nyumba za alendo zotsika mtengo poyerekeza ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja, komanso nyumba yosungira mbiri ya nkhondo ya panyanja ya Grand Port ya mu 1810. Yendani pabasi, koma dziwani kuti kumidzi zimasiya msanga madzulo. Mukachedwa mudzalipira takisi ndalama yoti mukanadyera masiku awiri. Pakati pa Port Louis ndi tawuni ya Curepipe pali sitima ya Metro Express. Njala ikakupwetekani gulani dholl puri pamsewu, chakudya cha anthu wamba. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu.

Pewani Januwale mpaka Malichi, nyengo ya anamondwe, pamene ndege zimaimitsidwa ndipo mumalipira masiku ogona omwe simunawakonzekere. Meyi mpaka Okutobala kumakhala kouma, ngakhale gombe la kum'mawa limaomba mphepo. Juzi ija ya m'chisanu cha kuno musaisiye, chifukwa Curepipe ili pamtunda ndipo kumachita chifunga ndi kamvula kowaza ngati kuno ku Mzuzu mu Juni.