Inu ogwetsa mitengo ya mphako, tamverani kuno

Lolemba lapitali, ndikuchokera pa Bembeke kutsikira kumunda, ndinapeza muwanga uja wa m'mbali mwa khwawa uli pansi. Mtengo umenewu ndinaupeza uli waukulu kale pamene ndinkabusa ng'ombe za malume anga. Anyamata anayi anaugwetsa chifukwa cha uchi wosakwana ndowa imodzi. Pamwamba pa pomwe panali njuchi panali mphako ina, ndipo pansi pake panali tiana tiwiri ta mbalame, topanda nthenga, nyerere zitayamba kale kutidya. Nditawadzudzula anangoti, "Agogo, mitengotu timadzala chaka chilichonse." Ndiye ndati ndikulankhuleni pa Facebook pompano, poti m'pomwe mumaswera ndi mafoni anuwo.

Bulugamu amene mumanyadira kuti mukudzalayo kwawo ndi ku Australia. Kumeneko mtengowu uli ndi mbalame zake, ndipo imodzi ndi kachinkhwe kobiriwira, kofiira pamphumi ndi pakhosi, kotchedwa swift parrot. Kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 25 kuphatikiza mchira. Zinkhwe zambiri zimaswa njere ndi milomo, koma aka chakudya chake chenicheni ndi timadzi totsekemera ta m'maluwa a bulugamu. Kamanyambita duwa ndi duwa, mungu n'kukakamira kumaso kwake, kenaka n'kuupereka ku mtengo wina. Ntchito yomwe njuchi zimagwira pa mapichesi athu kuno.

Kambalameka kamaswa pa Tasmania pokha, chilumba cha kum'mwera kwa dziko la Australia, kuyambira cha mu Seputembala mpaka Januwale, bulugamu wa kumeneko akamachita maluwa. Kukayamba kuzizira kamawoloka nyanja ya Bass Strait, mtunda woposa makilomita 200, kupita ku Victoria ndi New South Wales, zigawo zina za Australia, kukafuna mitengo ina yamaluwa. Ndipo sikabwerera pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka ayi, kamatsata komwe maluwa achuluka chaka chimenecho. Mvetsani bwino apa. Kakafika pomwe pali maluwa, pamafunikanso pakhale mtengo wakale wa mphako pafupi, chifukwa chisa cha udzu sikamanga. Yaikazi imalowa m'mphako kufungatira mazira, yaimuna n'kumaibweretsera chakudya. Maluwa akakhala uku, mphako ili kutali uko, chaka chimenecho palibe ana.

Tsono anthu a macheka akhala akudula mitengo ikuluikulu ya ku Tasmania kwa zaka zambiri, uku akunena zomwe munandiuza inu zija, zoti akudzala ina. Kudzala anadzaladi. Koma bulugamu kuti achite mphako yoti mbalame n'kuswamo zimatenga zaka zoposa 100. Mphako imayamba nthambi ikathyoka, mvula n'kulowa, chiswe ndi bowa n'kumadya pang'onopang'ono. Palibe nazale yogulitsa zimenezo. Pamwamba pa izo, kuli kanyama kena kofanana ndi changa, kotchedwa sugar glider, komwe anthu anakabweretsa pachilumbapo m'zaka za m'ma 1800. Usiku kamalowa m'mphako n'kudya mazira, ana, ngakhale make yemwe ali pa mazira, ndipo ofufuza anapeza kuti kamawononga kwambiri komwe nkhalango yatha. Mu 2015 kachinkhweka kanalembedwa m'gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu, ndipo akatswiri akuyerekeza kuti zotsala sizikwana 1,000. Dziko lolemera limenelo, la masukulu apamwamba ndi ndalama zake, lafika pokhomera timabokosi m'mitengo kuti tikhale ngati mphako.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ifenso tili ndi zinkhwe zathu. Ku Liwonde kuli tizinkhwe tating'ono tobiriwira, ta nkhope yofiirira, tomwe timagona ndi kuswa m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo timafa tambirimbiri anthu opha nyama akathira poizoni m'zithaphwi zomwe timamwamo. Kuno kwathu ndani wa inu wazaka zosafika 20 anaonapo zinkhwe zikudutsa m'mawa ndi phokoso lawo lija? Ife tinkaziona, tinkachita kuzipirikitsa m'minda ya mapira. Lero n'zosowa, ndipo musandiuze kuti ndi kusintha kwa nyengo kokha, chifukwa matumba a makala omwe andanda mu msewu wa M1 kuchokera pa Lizulu mpaka pa Linthipe sanagwe kumwamba.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti mumasankha dala mtengo wakale. Mumati wabowoka, wafa kale, ulibe ntchito. Ana inu, umenewo ndiye mudzi. M'menemo muli njuchi, muli mileme yodya udzudzu, muli kadzidzi amene mumamugenda kuti ndi wa afiti pomwe usiku wonse akukupherani makoswe a m'nkhokwe. Mukamatentha tchire mu Ogasiti ndi Seputembala pofuna mbewa, moto umalowa patsinde lobowokalo n'kumanyeka masiku atatu m'kati mpaka mtengo kugwa wokha. Ndipo inu makolo amene mumaseka mwana akabwera ndi timbalame ta milomo yaitali yokhota, tomwe timayamwa maluwa, atatigwira ndi ulimbo kapena legeni: kanyama kake n'kosakwana ndi pakamwa pomwe, mukumuyamikira chiyani?

Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, ndipo amene akuotcha makala ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza akudziwa okha chomwe chingawaonekere. Koma muwanga wa kukhwawa uja sunali m'nkhalango ya boma, unali wa mudzi, ndipo ndi ife eni ake tinayenera kuuteteza. Uchi mukaufuna, bwerani ndikuphunzitseni kupachika ming'oma, ndili nayo isanu ndi umodzi ndipo sindinagwetsepo mtengo kuti ndifule. Loweruka lino ndikatula nkhaniyi kwa amfumu, ndipo ndikapempha kuti mitengo yonse ya mphako yomwe yatsala m'khwawamo tiiwerenge ndi kuipaka penti yofiira. Anyamata anayi aja mayina awo ndikuwadziwa, pamodzi ndi makolo awo. Abwere okha ku bwalo asanaitanidwe.